Mpamba wa bizinesi ku Mchinji: banki mkhonde, SACCO, kubanki kapena kopaletivi?

Mchinji si boma losowa malonda. Msewu wa M12 umalilumikiza ndi Lilongwe pa mtunda wongopitirira pang'ono makilomita 100, ndipo kutsidya kwa malire kuli mzinda wa Chipata. Kuyambira mu Disembala 2022, chipata cha Mchinji ndi Mwami chimagwira ntchito ngati chimodzi, moti wodutsa ndi katundu amaonana ndi maofesi a maiko onse awiri pamalo amodzi. Mtedza, soya, chimanga ndi fodya zimadzaza misika ya Kamwendo, Kapiri, Mkanda ndi Waliranji nyengo yokolola ikafika, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 600,000 m'bomali, onsewo ofuna sopo, mchere, zovala ndi pogayitsa. Koma mukafunsa wa okala, wa chigayo, wowotcherera zitseko kapena wogula mbewu kuti vuto lake lalikulu nchiyani, onse amayankha mofanana kuti ndi mpamba.

Yankholi ndi loona, koma pali china chobisika m'kati mwake. Ambiri omwe bizinesi yawo idagwa ndalama adaipeza ndithu, kungoti adabwereka ndalama yofuna kubwezedwa msanga kuposa m'mene katundu wawo amayendera. Choncho musanafunse koti mubwereke, dziwani kaye kuti ndalama yanu ikatuluka m'thumba imabwerera pakatha masiku angati. Wogulitsa usipa, tomato kapena mandasi amaiona ndalama yake sabata yomweyo. Wa golosale ndi wa kaunjika amadikira mwezi umodzi kapena iwiri kuti katundu athe. Wogula mtedza mu Meyi kuti adzagulitse mu Novembala amakhala miyezi isanu ndi umodzi ndalama ili m'matumba. Wogula chigayo ndiye amawerenga zaka. Anthu anayiwa sangamwe pachitsime chimodzi.

Nyengo yomwe tili nayonso si yofewa. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mu 2024 mitengo ya zinthu imakwera ndi zoposa K30 pa K100 iliyonse pachaka, ndipo banki yaikulu ya Reserve idakweza chiwongoladzanja chomwe mabanki ena amayezerapo kufika pa 26 peresenti. Kwa wa okala izi zikutanthauza kuti ndalama yomwe idagula makatoni khumi a sopo, akagulitsa nkubwerera kukapikula, imagula asanu ndi atatu. Ndalama m'kabuku ikuoneka kuti yakwera, koma mashelefu akupepuka. Phindu lenileni muziliyeza ndi kuchuluka kwa katundu yemwe mungathe kugulanso.

Banki mkhonde ndi chipereganyu

Kwa anthu ambiri akumudzi, banki yoyamba ndi banki mkhonde. Njirayi idayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo m'Malawi muno yafika m'midzi yambiri. Kayendetsedwe kake koyenera nkodziwika: anthu 15 mpaka 25 odziwana, kukumana sabata iliyonse, aliyense kugula sheya imodzi mpaka zisanu pamkumano umodzi, bokosi la maloko atatu lomwe makiyi ake amasunga anthu atatu osiyana, kathumba kapadera ka zadzidzidzi, ndi kugawana pakatha miyezi 9 mpaka 12. Membala amaloledwa kubwereka mpaka katatu kuchuluka kwa masheya ake. Palibe fomu, palibe chikole cha nyumba, palibe ulendo wa kuboma. Mumapempha lero, ndalama nkutenga lero lomwe ngati m'bokosi muli kanthu.

Mtengo wake ndiye wowawa. Magulu ambiri amaika chiwongoladzanja cha K10 kapena K20 pa K100 iliyonse, ndipo ndi cha pamwezi. Tiyerekeze mayi watenga K300,000 pa K20 pa K100. Mwezi ukatha abweza K360,000. Akamangopereka chiwongoladzanja chokha kwa miyezi itatu, atulutsa K180,000 ngongole ikadali chiimire. Akalephera kupereka chilichonse, ndipo gulu nkumaphatikiza chiwongoladzanja ku ngongole, mwezi wachiwiri ifika K432,000, wachitatu K518,400.

Nanga bwanji anthu akupitabe? Chifukwa kwa wa geni yothamanga masamu amatheka. Ngati mayi uja akuoda usipa wa K300,000 sabata iliyonse nkumatsala ndi K30,000 atachotsa thiransipoti ndi chiphaso cha pamsika, pamwezi wapeza K120,000. Gulu litenga K60,000, iye atsala ndi K60,000, ndiponso gawo la chiwongoladzanja chija lidzamubwerera pogawana malinga ndi masheya ake. Apa ndi pomwe banki mkhonde imaposa njira zina zonse. Koma ndalama yomweyo mukagulira mbewu yosunga, feteleza wa kumunda kapena malata, mwadziika m'khwekhwe, chifukwa zinthu zimenezi sizibala ndalama sabata ndi sabata.

Zomwe zimagwetsa magulu nzodziwika. Choyamba ndi lamulo lokakamiza aliyense kubwereka kuti ndalama isagone m'bokosi: munthu wopanda geni amatenga ngongole, nkuidya, nkuyamba kubwereka ku gulu lina kuti atseke kuno. Mukamva kuti wina ali m'magulu anayi, kawirikawiri ndiye kuti akungosuntha ngongole imodzi kuchoka gulu ili kupita ilo. Chachiwiri ndi kubwereketsa anthu akunja kudzera mwa membala, zomwe zimasandutsa gulu kukhala katapila. Chachitatu ndi mwezi womaliza, pamene ngongole zonse zabwezedwa ndipo bokosi ladzaza: apa ndi pomwe mbava zimabwera, kapena msungichuma amadzuka ndi nkhani yoti akuba adathyola usiku. Magulu osamala amasunga ndalama za miyezi yomalizayi ku akaunti ya banki yosainira anthu atatu, kapena pa lamya ya gulu yomwe nambala zake zachinsinsi adagawana, aliyense nkumadziwa gawo lake lokha.

Chipereganyu nchosiyana pang'ono, ndipo ambiri amachipeputsa. Anthu khumi akamasonkha K50,000 aliyense pamwezi nkumapatsa mmodzi, wolandira amatenga K500,000 popanda chiwongoladzanja chilichonse. Kwa wofuna kugula filiji, makina osokera kapena belo la kaunjika, palibe ndalama yotsika mtengo kuposa iyi. Vuto lake lili pa wolandira komaliza, yemwe amapeza K500,000 yake itafooka ndi kukwera kwa mitengo, komanso pa uja amalandira koyamba nkuyamba kuzemba. Gulu lisapitirire anthu khumi, ndipo osadziwika bwino aziikidwa kumapeto kwa mndandanda.

Za katapila sitichulukitsa mawu. K200,000 pa K50 pa K100 imasanduka K300,000 mwezi woyamba, K450,000 wachiwiri, K675,000 wachitatu, ndipo ena amafuna kuwirikiza kawiri pamwezi umodzi. Mwini ndalama amasunga chitupa cha unzika, khadi la kubanki kapena njinga yamoto. Palibe bizinesi yovomerezeka pa Kamwendo yomwe ingabale phindu lotere mwezi ndi mwezi. Makhoti ali ndi mphamvu younikanso ngongole yomwe chiwongoladzanja chake nchopyola muyeso, koma pofika kukhoti katundu amakhala atapita kale. Ngongole za pa lamya, monga Kutchova ya Airtel Money, nzabwinoko chifukwa malamulo ake ngolembedwa, koma nzochepa ndiponso za masiku owerengeka. Zimathandiza ajenti wotumiza ndalama pa lamya yemwe ndalama ya mu lamya (floti) yamuthera tsiku la msika. Sizingamange shopu.

Mabungwe obwereketsa ndalama

FINCA, VisionFund, MicroLoan Foundation, CUMO ndi mabungwe ena otere amayendera lamulo la 2010 loona za ngongole zing'onozing'ono, ndipo amayang'aniridwa ndi banki ya Reserve. Ndalama zomwe amapereka nzochulukirapo kuposa za banki mkhonde, nthawi yobweza ndi miyezi ingapo mpaka chaka, ndipo mukabweza bwino ulendo woyamba amakukwezerani wachiwiri. Oyamba kumene kawirikawiri amalowa kudzera m'gulu, pomwe aliyense amakhala mboni ya mnzake. Mawu akuti mboni musawatenge mopepuka: mnzanu akathawira ku Zambia kapena ku Joni, ngongole yake mubweza ndinu otsala.

Pano chofunika kumvetsa ndi kawerengedwe ka chiwongoladzanja, chifukwa mabungwe awiri akhoza kukuuzani nambala imodzimodzi koma mitengo ili yosiyana kutali. Tiyerekeze mwabwereka K1,200,000 yobweza miyezi 12 pa K4 pa K100 pamwezi. Ngati akuwerengera pa ndalama yonse yomwe mudatenga poyamba, mwezi uliwonse chiwongoladzanja ndi K48,000, ndipo pachaka chikwana K576,000. Ngati akuwerengera pa ngongole yotsala, inu nkumachotsa K100,000 mwezi uliwonse, mwezi woyamba mupereka K48,000, wachiwiri K44,000, mpaka womaliza K4,000, zonse pamodzi K312,000. Kusiyana kwake ndi K264,000, pa ngongole yofanana, pa nambala yofanana. Onjezani zodulidwa musanalandire. Akachotsa K60,000 ya mafomu ndi inshulansi, nkukuuzani kuti musiye K120,000 ngati ndalama yosungitsa, m'manja mwanu mulowa K1,020,000, koma chiwongoladzanja mukulipira pa K1,200,000. Musanasaine, muuzeni ofisala akulembereni manambala awiri papepala: ndalama yomwe mutuluke nayo pakhomo, ndi ndalama yonse yomwe mudzakhale mutabweza pomaliza. Wokana kulemba manambala awiriwa musiyeni.

Ngongole za mabungwewa zimayenera wa golosale, wa kaunjika, wa butchala ndi wa malo odyera, omwe ndalama imawalowera tsiku ndi tsiku. Kubweza kumayamba pakangotha sabata ziwiri kapena mwezi, ndiye wosunga mbewu amapezeka akugulitsa matumba ake mu Juni pamtengo womwe adagulira kuti apeze chobweza.

Boma nalo lili ndi thumba lake la ngongole, lomwe lasintha mayina kangapo: MARDEF, MEDF, NEEF. Chiwongoladzanja chake chimakhala chofewerapo poyerekeza ndi cha mabungwe omwe si aboma, ndipo pali ngongole za magulu a amayi ndi achinyamata. Zovuta zake ziwiri zimadziwika m'dziko lonse. Ofunsira amachuluka kuposa ndalama, choncho yankho limachedwa, ndipo ngongole yofunsidwa mu Malichi kuti igule soya ikatuluka mu Ogasiti imapeza msika utatha. Chachiwiri ndi maganizo akuti ndalama ya boma ndi mphatso ya ndale. Ambiri adasiya kubweza, thumba nkumachepa, ofunsira atsopano nkumadikira. Funsirani ndithu, koma musalipire lendi ya shopu kapena kulonjeza alimi podalira ndalama yomwe sinalowe mu akaunti. Dziwaninso kuti masiku ano mayina a osabweza amapita ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, monga Credit Data ndi TransUnion, ndipo banki iliyonse imayang'ana kumeneko isanakupatseni kanthu.

SACCO

Kwa munthu yemwe akuganiza za zaka zitatu kutsogolo, njira yomwe timaiika patsogolo ndi SACCO. Ndi kopaletivi yosunga ndi kubwereketsa ndalama, eni ake ndi mamembala omwewo. Bungwe lomwe limaziphatikiza, MUSCCO, lidayamba mu 1980, ndipo kuchokera pa lamulo la 2011 ma SACCO amayenera kukhala ndi chiphaso ndi kupereka malipoti ku banki ya Reserve. Mumagula masheya, mumasunga mwezi ndi mwezi, ndipo pakatha miyezi ingapo, kawirikawiri itatu mpaka isanu ndi umodzi, mumaloledwa kubwereka kawiri kapena katatu kuchuluka kwa zomwe mwasunga. Chiwongoladzanja nthawi zambiri amawerengera pa ngongole yotsala, ndipo chaka chikatha bwino mumalandira gawo la phindu.

Wosunga K100,000 mwezi uliwonse kwa miyezi 10 amakhala ndi K1,000,000, yomwe ingamutsegulire ngongole ya K2,000,000 kapena K3,000,000 yobweza chaka chimodzi kapena ziwiri. Imeneyi ndi ndalama yogulira makina owotcherera, makina oswera mtedza, kapena yokulitsira shopu. Chikole chachikulu ndi masheya anu omwe ndi a mboni zanu.

Kuipa kwake nkwakuti SACCO sithandiza wofuna ndalama mawa, ndipo masheya satuluka mwachangu mukawafuna. Ma SACCO ambiri olimba adamangidwa pa anthu olandira malipiro a pamwezi, monga aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'boma, omwe amadulidwa kumalipiro. Wa bizinesi afufuze yomwe imalandira anthu wamba, aone chiphaso chake ndi maso, afunse ngati msonkhano waukulu wa pachaka umachitika ndiponso ngati mabuku amaunikidwa ndi akatswiri akunja. Mufunsenso mamembala kuti ngongole ikavomerezedwa imatenga masabata angati kutuluka. SACCO yomwe ikuika anthu pamzere wa miyezi itatu ndiye kuti ndalama zake zidakakamira mwa anthu osabweza.

Kubanki

Mabanki monga National Bank, NBS, FDH ndi Standard Bank ndiwo ali ndi ndalama zochuluka, ndipo ukawerengera pachaka chiwongoladzanja chawo nchotsika kuposa cha banki mkhonde, katapila ndi mabungwe obwereketsa omwe si aboma. Koma pakhomo pawo mpopapatiza. Kafukufuku wa FinScope wa 2019 adapeza kuti pafupifupi mabizinesi ang'ono asanu ndi anayi mwa khumi aliwonse m'dziko muno ngosalembetsa, ndipo banki sikamba nkhani ndi bizinesi yomwe papepala kulibe.

Zomwe amafuna nzosabisa: satifiketi yolembetsera dzina la bizinesi, nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku MRA, laisensi ya khonsolo, sitetimenti ya akaunti ya miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, mabuku a zolowa ndi zotuluka, ndi chikole. Pa sitetimenti ndi pomwe ambiri amagwera. Munthu amagulitsa katundu wa K4,000,000 pamwezi, koma ndalama yonse imachoka m'kabati kupita kwa wopikulitsa osadutsa kubanki, ndiye akaunti imaonetsa ngati bizinesi idafa kalekale. Mankhwala ake ngosavuta ngakhale amatopetsa: zogulitsa za tsiku muziika kwa ajenti wa banki pamsika pomwepo, ndipo wopikulitsa muzimulipira kuchokera mu akaunti. Ndalama ya pakhomo ikhale ndi njira yake.

Chikole ndiye phiri. Nyumba ya njerwa zowotcha ndi malata pa Mkanda, ngakhale ikongole bwanji, ikakhala pa malo a mfumu opanda lizi banki siiwerengera. Lamulo la malo la 2016 lidatsegula njira yolembetsa malo a makolo, koma ntchitoyi ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo kutenga lizi kumafuna opima malo, ndalama ndi kuleza mtima. Pali khomo lina lomwe ambiri salidziwa. Lamulo la 2013 limalola kuti katundu wosunthika, monga galimoto, makina, ziweto kapena mbewu ya m'nkhokwe, alembetsedwe ngati chikole m'kaundula wa boma. Si banki iliyonse yomwe imakondwa nazo, koma pa ngongole yogulira makina, pomwe makinawo ndiwo chikole, mpofunika kufunsa. Chiwongoladzanja cha banki chimasinthanso banki yaikulu ikasintha chake, ndiye ndalama yobweza pamwezi yomwe mudagwirizana ikhoza kukwera ngongole ili pakati.

Masamu a wogula mtedza

Bizinesi yomwe imakopa anthu ambiri ku Mchinji ndi yogula mbewu nthawi yokolola nkusunga. Imaoneka yophweka, ndipo ndi yomwe yadya mipamba ya anthu ambiri. Tiyerekeze mwagula matumba 40 a mtedza woswa, a makilogalamu 50 lililonse, pa K2,000 pa kilogalamu. Mwatulutsa K4,000,000 pa makilogalamu 2,000. Matumba, aganyu, ngolo, thiransipoti ndi lendi ya mosungira zitenge K240,000. Mtedza wa mu Meyi umakhala usanaumitsitse, ndipo ena amauwaza madzi kuti usweke bwino ndi kulemera pasikelo. Ukauma, nkusankhamo wowola, wonyala ndi wosweka, kutaya makilogalamu 8 pa 100 aliwonse si zachilendo. Mwatsala ndi makilogalamu 1,840.

Ngati ndalamayo ndi yanu, muyenera kugulitsa pa K2,304 kuti mungobweza zomwe mudalowetsa. Ngati ndi ya ngongole ya K3 pa K100 pamwezi kwa miyezi isanu ndi umodzi, chiwongoladzanja ndi K763,200, ndipo mtengo wongobwezera ukwera kufika pa K2,719. Ngati ndi ya banki mkhonde pa K20 pa K100, mtedzawo uyenera kudzagulidwa pa K5,070 kuti musaluze. Zaka zina mtengo umakweradi kwambiri pofika Novembala. Zaka zina boma limaletsa kutumiza mbewu kunja, kapena ogula aakulu amasowa ndalama, mtengo nkuima pomwepo.

Pamwamba pa izi pali chuku. Mtedza wonyowa ukaunjikidwa pasimenti m'chipinda chopanda mpweya umachita nkhungu yomwe imabala poizoni, ndipo ogula aakulu amaupima asanalipire. Ukalephera, matumba onse amabwerera, nkukagulitsidwa motchipa pamsika wamba. Matumba azikhala pa mathabwa, atalikirane ndi khoma, ndipo mtedza wosunga nthawi yaitali ndi bwino ukhale wamakoko, nkudzaswa pogulitsa. Sikelo ikhale yodindidwa ndi bungwe loona za miyezo la MBS, ndipo chiphaso chogulira mbewu mutenge nyengo isanayambe, chifukwa kulandidwa sikelo pakati pa msika kumatayitsa sabata yomwe mitengo inali yotsika.

Ngongole yomwe idapangidwira bizinesi imeneyi ndi ya lisiti la nkhokwe. Mumapititsa mbewu ku nkhokwe yovomerezeka, monga zomwe zili pansi pa msika wa zokolola wa ACE, amaipima, kuisankha ndi kukupatsani lisiti. Lisitilo limakhala chikole chotengera gawo la mtengo wa mbewuyo kubanki, ndipo ngongole, chiwongoladzanja ndi lendi ya nkhokwe zimadulidwa tsiku lomwe mbewu yagulitsidwa. Palibe chobweza mwezi ndi mwezi. Lamulo loyendetsa malisitiwa lidakhazikitsidwa mu 2018. Chovuta nchakuti matumba 40 ngochepa kuti thiransipoti ndi zolipira za nkhokwe zikwanirane, ndiye njirayi imakomera amene aphatikiza katundu wawo kuti adzaze lole. Muonetsetsenso kuti chaka chimenecho pali banki yomwe ikupereka ndalama pa malisiti, poti si chaka chilichonse zimatheka, ndipo mufunse alimi omwe adasungitsako kale ngati adalipidwa pa nthawi yake.

Makina ndi kopaletivi

Tsogolo la mabizinesi a bomali lili pa kusiya kugulitsa mbewu yaiwisi yokha. Mafuta a mpendadzuwa ndi soya, chiponde, ufa wa phala, zakudya za nkhuku, zonsezi msika wake ulipo pomwepo ndi ku Lilongwe. Koma makina amafuna ndalama yoleza mtima. Taonani chigayo. Pamafunika makina awiri, chokonola ndi chogaya, chilichonse ndi mota yake, nyumba, ndi magetsi a mawaya atatu. Ngati thiransifoma ili kutali, mtengo wokokera magetsi ukhoza kuposa wa chigayo chenichenicho, ndipo kudikira kulumikizidwa kumatha miyezi makina ali chikhalire. Cha dizilo chimayamba ntchito tsiku lomwelo, koma mafuta amadya gawo lalikulu la ndalama ya pa ndowa iliyonse, ndipo akasowa pa filing'i siteshoni chigayo chimaima. Mahamala, masefa, malamba ndi mabering'i zimatha ndipo zimafuna kathumba kake. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala anthu amakhala pamzere, koma Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka, chigayo chimalira kamodzikamodzi. Ngongole ya chigayo iyenera kukhala ya zaka ziwiri kapena zitatu, yokhala ndi miyezi yopuma poyamba, ndipo ngati nkotheka yolola kubweza zambiri nthawi yokolola ndi zochepa nthawi ya dzinja. Ndi banki ndi SACCO zokha zomwe zingakambe zimenezi. Magetsi a dzuwa a m'mudzi, ngati omwe adaikidwa kwa Sitolo m'boma lomweli, akutsegula mwayi kumadera omwe mawaya a ESCOM sadafike, koma mufunse kaye ngati mphamvu yake ingadzutse mota yanu.

Pa makina aakulu kuposa apa, ndalama yotsika mtengo kwambiri imadzera ku kopaletivi. Pulojekiti ya AGCOM, yomwe boma limayendetsa ndi thandizo la World Bank, imapereka K70 pa K100 iliyonse ya mtengo wa ntchito ngati thandizo losabweza. Gulu limasonkha K30 yotsalayo, K10 ngati ndalama ndipo K20 ngati zinthu monga njerwa, mchenga ndi ntchito ya manja. Pa ntchito ya K50,000,000, ndiye kuti thandizo ndi K35,000,000, gulu lipeze K5,000,000 ya ndalama ndi zinthu za K10,000,000. Gulu liyenera kukhala lolembetsedwa, likhale ndi ndondomeko ya bizinesi yolembedwa, ndiponso mgwirizano ndi wogula yemwe walonjeza kutenga katundu wake.

Palibe ngongole yomwe ingapikisane ndi zimenezi, komabe nkhokwe ndi mafakitale ang'ono ena omangidwa ndi thandizo amakhala otseka. Chifukwa chachikulu nchakuti thandizo limagula nyumba ndi makina, koma ndalama yogulira mbewu yoti makinawo agaye gulu liyenera kuipeza lokha. Kopaletivi ikalephera kulipira mlimi tsiku lomwe wabweretsa soya, mlimiyo amakagulitsa kwa venda wa sikelo pamsewu, ngakhale ali membala, chifukwa fizi ya mwana siidikira. Makina ofinya matani awiri patsiku amapezeka akugwira ntchito masiku khumi pachaka. Chinanso ndi satifiketi ya MBS: popanda iyo mafuta ndi chiponde sizilowa m'masitolo aakulu, ndipo kuti ituluke nyumba iyenera kukhala ndi pansi posalala potsukika, madzi, zotchinga ntchentche ndi malo osiyana a zolowa ndi zotuluka. Ndi bwino kuwaitana a MBS nyumba ikadali papulani kusiyana nkudzagumula khoma. Gulu lomwe lidangopangidwa mwezi watha chifukwa lamva za thandizo silikhalitsa. Lomwe lagulitsira limodzi mbewu kwa nyengo ziwiri kapena zitatu, nkugawana ndalama popanda mkangano, ndilo loyenera kufunsira.

Wa shopu ali ndi njira ina yomwe safunika kudzaza fomu: kutenga katundu pangongole kwa wopikulitsa. Mukagula kwa munthu mmodzi kwa chaka, nkumalipira bwino, ambiri amalola kukupatsani katundu wolipira pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Chiwongoladzanja chake chimabisala mu mtengo, chifukwa wotenga pangongole sanenerera, ndiye muziyerekeza ndi mtengo wa kashi kwa ena. Mutengere njira imeneyi katundu wothamanga yekha, monga shuga, mafuta ophikira, sopo ndi mchere. Ndipo kabuku ka ngongole za makasitomala kasapose zomwe shopu imagulitsa pa masiku atatu, apo ayi mukhala mukubwereka pa chiwongoladzanja kuti mubwereketse anzanu kwaulere. Ooda katundu ku Chipata adziwe kuti pansi pa ndondomeko ya amalonda ang'ono ya COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a m'chigawo chino cha Africa, katundu wosaposa madola 2,000 yemwe ali pa mndandanda womwe maiko awiriwa adagwirizana amadutsa ndi mapepala ochepa ndiponso osalipira msonkho wa kasitomu, ngakhale misonkho ina imakhalapo. Ofesi yothandiza amalonda ang'ono pachipatapo imakhala ndi mndandandawo.

Kalendala nayo ndi gawo la mpamba. Magulu ambiri a banki mkhonde amagawana mu Disembala, nthawi ya feteleza, Khirisimasi ndi fizi ya Januwale, ndipo ndalama imathera pomwepo. Kwa alimi nzoyenera. Kwa gulu la amalonda palibe lamulo lokakamiza mwezi umenewu. Gulu likayamba chaka chake mu Meyi nkugawana kumapeto kwa Epulo, membala aliyense amalandira ndalama yake, yopanda chiwongoladzanja, sabata yomwe soya woyamba akufika pasikelo ndipo mtedza uli pafupi kukumbidwa.